Zimene makolo ankakana kwa atsamunda, ndi zimene lamulo likunena lero

Mukagulitsa thumba la nandolo n'kulandira ndalama m'manja, musafulumire kuzipinda. Yang'anani kaye nkhope zimene zili pa mapepalawo. Pa K2,000 ndi pa K500 pali Mbusa John Chilembwe. Pa K200 pali Mayi Rose Chibambo, pa K100 pali James Sangala, pa K50 pali Inkosi ya Makosi Gomani II, ndipo pa K1,000 ndi pa K5,000 pali Dr Hastings Kamuzu Banda. Onsewa, aliyense m'nthawi yake, anakangana ndi boma la atsamunda a ku Britain. Mwana wa sukulu wa kuno kwa Chiwalo, m'boma la Phalombe, mukamufunsa chimene ankafuna, ayankha msanga kuti ufulu wodzilamulira, ndipo sananame. Kungoti yankholo ndi lalifupi moti limakwirira nkhani yonse. Anthu sanalole kumangidwa ndi kuwomberedwa chifukwa chosilira mbendera ina basi. Panali zinthu zowapweteka pathupi ndi m'thumba, zokhala ndi mayina ake: thangata, msonkho, kulandidwa malo, kutsekeredwa popanda mlandu, ndi kukonzeredwa tsogolo osafunsidwa. Wodziwa zimenezi sasowa poyambira akatsegula malamulo aakulu a dziko lino a 1994, chifukwa magawo ambiri onena za ufulu wachibadwidwe akuyankha madandaulo omwewo.

Tiyambe ndi thangata, poti ndiye anatilowa m'mafupa ife a chigawo chino. Britain inalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo dzina loti Nyasaland linabwera mu 1907. M'zaka zoyambazo Harry Johnston, woyimira boma la Britain, anapatsa azungu zikalata zotsimikiza kuti malo aakulu a kumapiri a Shire ndi awo, ena mwa malowo atawapeza kwa mafumu ndi nsalu ndi tinthu tina tosagwirizana n'komwe ndi kukula kwa nthaka. Nyengo yomweyo Alhomwe ambiri ankawoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Ambiri a ku Phalombe ndife zidzukulu za anthu amenewo. Mlendo wopanda malo analibe pakamwa. Akapatsidwa pomanga nyumba ndi polima pa esiteti ya mzungu, lendi yake inali thukuta: mwezi umodzi kugwirira malo, mwezi wina kugwirira msonkho. Mwezi wa pa esiteti sunkayendera kalendala, unkatha pamene kapitawo wanena kuti watha. Ndipo ntchitoyo inkafunika kwambiri dzinja, nthawi yomwe munda wa mwini wake ukudikiranso khasu.

Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, woyang'anira wake William Jervis Livingstone anatchuka ndi chikoti. Sankalola sukulu pamalopo, ndipo matchalitchi a udzu amene anthu a mpingo wa Chilembwe ankamanga ankatenthedwa. Chilembwe anali atatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1900, ndipo ambiri omutsatira anali Alhomwe a m'maesiteti. Mu November 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a kuno, amene alibe gawo m'chuma ndi m'boma la azungu, akutengedwa kukafera nkhondo ya azungu okhaokha. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, Livingstone anaphedwa, ndipo pa 3 February Chilembwe anawomberedwa m'boma la Mulanje akulowera kumalire a Mozambique. Phalombe nthawi imeneyo inali mbali ya Mulanje. Inadzakhala boma payokha mu 1998.

Thangata sanafe ndi Chilembwe. Anapitirira zaka zina zoposa 40, n'kudzetsa zipolowe za ku Thyolo mu 1953, mpaka lamulo la 1962 linamuthetsa nduna za Chimalawi zitalowa m'boma. Lero gawo 27 la malamulo aakulu limaletsa ukapolo, limaletsa ntchito yokakamiza, ndipo lili ndi chiganizo chapadera choletsa kumangirira munthu pa ntchito mpaka kukhala ngati kapolo. Amene analemba chiganizo chimenecho ankadziwa mbiri ya kwawo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasinthanso lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti, dongosolo la m'minda ya fodya limene banja lonse linkalima chaka chathunthu likudya chimanga cha ngongole, pokolola n'kuuzidwa kuti ngongole yameza malipiro. Mabanja ambiri amene ankakwera malole kupita ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Mzimba anali ochokera kuno ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Thyolo. Wokulembani ntchito ku esiteti lero ayenera kukulipirani ngati wantchito, pa mlingo wosatsika pa malipiro ochepetsetsa amene boma limalengeza, ndipo akakana, nkhaniyo ndi ya ku ofesi ya zantchito ya paboma.

Pano ena amasokoneza dala. Mudzi ukagwirizana pamsonkhano kuumba njerwa za sukulu, kututa mchenga wa chipatala kapena kukonza mlatho umene madzi akokolola, ameneyo si thangata. Lamulo la ntchito limazindikira ntchito zing'onozing'ono zothandiza mudzi womwewo pamene eni mudzi afunsidwa. Wozemba ntchito yotere n'kumafuula za ufulu akungobisa ulesi. Koma munthu waudindo, kaya nyakwawa, gulupu kapena mkulu wa chipani, akakutumani kukalima munda wake iye mwini mokuopsezani kuti mukakana akuchotsani pa mndandanda wa olandira feteleza, pamenepo mafunso awiri akukwanira. Ntchitoyi ikupindulira ndani? Nanga tinafunsidwa?

Za msonkho n'zachidule. Atsamunda ankakhometsa msonkho wa nyumba, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 ankautsitsa ndi theka kwa amene wagwirira mzungu ntchito mwezi umodzi, njira yothamangitsira anthu ku maesiteti. Wolephera kukhoma ankamutenthera nyumba kapena kumugwirira mkazi mpaka ndalama ipezeke. Chowawa china chinali chakuti wokhomayo analibe mawu m'bwalo lopanga malamulo ku Zomba. Kwa zaka zambiri woyankhulira anthu akuda m'bwalomo anali mmishonale wachizungu, ndipo anthu akuda oyamba analowamo mu 1949, osankhidwa ndi bwanamkubwa. Gawo 171 la malamulo athu limati msonkho uliwonse ukhazikitsidwe ndi lamulo. Ndiye kukhoma msonkho woyenera ndi udindo wanu, ngakhale chiphaso cha pamsika cha khonsolo, koma kufunsa lisiti ndi kufunsa kumene ndalamayo yapita ndi ufulu wanu. Wotolera ndalama wokana kupereka lisiti asakuchititseni manyazi ngati mwamunyoza.

Malo nawo ali ndi chitetezo. Gawo 28 limaletsa kulanda katundu wa munthu mwachisawawa, ndipo gawo 44 limati boma likafuna malo anu liwatenge pa ntchito yothandiza anthu onse, likudziwitseni nthawi ilipo, likupatseni chipukuta misozi choyenera, ndipo mukhale ndi mwayi wokadandaula kukhoti. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu, okhala ndi anthu osankhidwa ndi mudzi, amayi osachepera theka la osankhidwawo. Kuno kumene munda umatsata mbumba, mfundo imeneyi si yachilendo. Mfumu ndi msungi wa nthaka, si mwini wake woti n'kugulitsa dambo la mpunga kwa wobwera ndi galimoto anthu ali m'tulo. Johnston anayambira pomwepo.

Chimene chinasandutsa madandaulo a m'midzi kukhala ndale za dziko lonse ndi chitaganya. Mabungwe a anthu ophunzira analipo kuyambira 1912, pamene Levi Mumba ndi anzake anayambitsa bungwe lawo kumpoto, ndipo mu 1944 anaphatikizana kukhala Nyasaland African Congress, Mumba ali mtsogoleri, Sangala ali mmodzi wa oyikonza. Poyamba Congress inkapempha zinthu monga sukulu zabwino, malipiro abwino ndi mipando m'bwalo la malamulo. Koma mu 1953 Britain inalumikiza Nyasaland ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia kukhala chitaganya chimodzi, likulu lake ku Salisbury, anthu a kuno atakana poyera. Ambiri anali atagwirapo ntchito ku Southern Rhodesia ndipo ankadziwa tsankho la kumeneko ndi maso awo. Mafumu anapita ku London kukadandaula, sanamvedwe. Gomani II analimbikitsa anthu ake kusamvera malamulo a malimidwe, aja okakamiza kalimidwe ka boma ndi chindapusa kapena ndende, ndipo boma linamuvula ufumu chaka chomwecho. Mfundo zina za malimidwe, monga kuteteza nthaka, sizinali zoipa konse, ndipo alangizi akuziphunzitsabe. Anthu ankadana ndi kuuzidwa ngati ana, chikoti chili kumbuyo.

Dandaulo limeneli ndilo mutu wa malamulo athu onse. Gawo 6 limati mphamvu yolamulira imachokera kwa anthu a Malawi kudzera m'chisankho chimene voti ya aliyense ndi yofanana. Gawo 12 limapitiriza kuti waudindo aliyense anangosungitsidwa mphamvuyo, ndipo amakhala nayo pokhapokha anthu akumukhulupirirabe, chikhulupiriro chimene chimasungika ndi boma losabisa zinthu komanso loyankha mafunso. Voti yofananayo sinabwere tsiku limodzi. Pa chisankho cha August 1961, chimene Malawi Congress Party inapambana kwambiri, munthu ankayenera kukwaniritsa mfundo za chuma, maphunziro kapena udindo kuti alembetse, ndipo panali mindandanda iwiri, wapamwamba ndi wapansi. Lero mayi wogulitsa matemba a ku Chilwa amene sanapondeko m'kalasi, akakwanitsa zaka 18 n'kulembetsa, voti yake imalemera chimodzimodzi ndi ya pulofesa. Wogulitsa voti imeneyi ndi sopo kapena chitenje aziganizira kaye mtengo umene inagulidwira.

Mtengowo unalipidwa mu 1959. Dr Banda anafika pa Chileka pa 6 July 1958, ataitanidwa ndi achinyamata a Congress monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza. Misonkhano inakula, mkwiyo unakula, ndipo m'bandakucha wa pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi. Atsogoleri anagwidwa ali ndi zovala zogonera. Dr Banda anatumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Pa doko la Nkhata Bay asilikali anawombera khamu limene linasonkhana pofuna abale awo otsekeredwa m'sitima, n'kupha anthu osachepera 20. Boma lenilenilo linavomera kuti anthu 51 anafa m'nyengo yonseyo, ndipo oposa 1,000 anatsekeredwa osaonekera kukhoti. Mayi Chibambo anatengedwa atangochira kumene, n'kukalowa m'ndende ndi khanda. Komiti yofufuza ya woweruza Patrick Devlin, yotumidwa ndi Britain yomweyo, inapeza kuti Nyasaland inasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndi kuti kukana chitaganya kunali ponseponse. Kuchokera apo zinthu zinathamanga: Dr Banda anatulutsidwa pa 1 April 1960, anakhala nduna yaikulu mu February 1963, chitaganya chinatha pa 31 December 1963, ndipo mbendera ya dzuwa lotuluka inakwera pa 6 July 1964.

Gawo 42 muliwerenge mukukumbukira m'bandakucha umenewo. Wapolisi akakugwirani ayenera kukuuzani chifukwa chake msanga, m'chiyankhulo chimene mukumva. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe wololedwa kukumenyani kuti muvomere mlandu. Muli ndi ufulu wolankhula ndi loya, ndi woonana ndi mkazi kapena mwamuna wanu, abale, m'busa kapena shehe, ndi dokotala. Muyenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti latsegula ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamulungu kapena tchuthi. Kupanda kutero akutulutseni. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo amene akuitanitsa "ya sopo" kuti m'bale wanu atuluke akupalamula mlandu wa ziphuphu. Ngakhale dziko litalengezedwa kuti lili pangozi, gawo 45 limamanga manja a mtsogoleri: chilengezocho chimafuna chilolezo cha komiti ya Nyumba ya Malamulo, chimatha pakadutsa masiku 21 ngati aphungu sanachiwonjezere, Khoti Lalikulu lingathe kuchiunika, ndipo ufulu wa moyo ndi woletsa kuzunza munthu sukhudzidwa zivute zitani.

Wina angafunse chifukwa chake zonsezi zinalembedwa mu 1994 osati mu 1964. Zinalembedwapo ndithu. Malamulo a 1964 anali ndi mndandanda wa ufulu wa munthu. Koma patangotha miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna zinasemphana ndi Dr Banda pa nkhani zingapo, kuphatikizapo ubale ndi Apwitikizi, kuchedwa kukweza Amalawi pa ntchito za boma, ndi ndalama ya tiki imene odwala anayamba kulipitsidwa kuchipatala. Mu September 1964 Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Mayi Chibambo anachotsedwa, ndipo Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo. Malamulo a 1966 anachotsa mndandanda uja n'kuvomereza chipani chimodzi chokha, ndipo mu 1971 Dr Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya. Kutsekera munthu popanda mlandu, chida chomwe chija cha Armitage, kunabwerera ku Dzaleka ndi ku Mikuyu. Mbusa anasintha, khola linakhala lomwelo.

Akuluakulu a kuno safuna kuuzidwa za khadi. Amakumbukira anyamata a yunifolomu yofiira ataima pachipata cha msika ndi pokwerera basi, wopanda khadi la chipani osalowa. A Mboni za Yehova, amene mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, anakana kuligula, ndipo zikwi zambiri anathawira ku Mozambique ndi ku Zambia nyumba zawo zitatenthedwa. Chipembere anamwalira ku America mu 1975. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 Dr Banda ali m'ndende, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Misewu, yunivesite ndi mzinda wa Lilongwe zimene boma lija linamanga zilipo ndipo palibe wozikana. Koma amene amati nthawi imeneyo kunali mwambo azinenanso kuti anthu amene anamenyera ufulu anathera kuti. Gawo 32 lero limati palibe wokakamizidwa kulowa bungwe lililonse, gawo 33 limateteza chipembedzo, ndipo gawo 40 limakupatsani ufulu wolowa, kuyambitsa kapena kuchemerera chipani chimene mwakonda. Gawo 20 limaletsa tsankho la mtundu, chiyankhulo, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ulumali ndi maganizo a ndale. Chimanga cha chithandizo chikabwera madzi atasefukira, monga zinachitikira namondwe Freddy atawononga Phalombe mu March 2023, wolemba mayina alibe chilolezo chofunsa mtundu wa nsalu imene mumavala kumsonkhano.

Kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, Chakufwa Chihana, womenyera ndale za zipani zambiri, anamangidwa mwezi wotsatira atangotsika ndege, ndipo pa 14 June 1993 ovota pafupifupi awiri mwa atatu alionse pa referendamu anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, m'malo mwa tambala wakuda wa chipani chimodzi. Malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito pa 18 May 1994. Kusiyana kwake ndi akale kuli pa gawo 5: lamulo kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi malamulo aakulu n'chopanda mphamvu. Kuti zimenezi si nthano tinaziona pa 3 February 2020, tsiku lofanana ndi limene Chilembwe anaphedwa, pamene oweruza asanu anafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019 n'kulamula china.

Ufulu umenewu uli ndi malire ake, ndipo gawo 44 limalola kuuchepetsa pokhapokha lamulo lanena, pa chifukwa chomveka, chovomerezeka m'dziko la demokalase. Mu 2010 gawo 12 linawonjezeredwa mawu okumbutsa kuti munthu aliyense ali ndi udindo kwa anzake, kubanja, kumudzi ndi kudziko. Ufulu wolankhula sukuphatikiza kunamizira gogo wa m'mudzi kuti ndi mfiti mpaka achinyamata am'gende. Ufulu wochita zionetsero, wa pa gawo 38, ndi wa anthu opanda zida, oyenda mwamtendere. Lamulo la apolisi limafuna kuti okonza adziwitse DC maola osachepera 48 tsikulo lisanafike, ndipo kudziwitsa si kupempha chilolezo. Ufulu wotsata chikhalidwe, wa pa gawo 26, umatilola kuvina tchopa ndi kulankhula Chilhomwe chimene makolo ena ankachita nacho manyazi, koma sulola kukwatitsa mtsikana wosakwana zaka 18, chifukwa malamulo aakulu anasinthidwa mu 2017 kutseka mpata umenewo.

Pali pamene malamulowa anabwerera m'mbuyo, ndipo n'koyenera kunena. Poyamba munali gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu eni ake analichotsa mu 1995, ndipo mpaka lero silinabwerere ngakhale anthu akhala akulipempha. Khoti nalo lili kutali kwa munthu wa kwa Chiwalo amene ayenera kulipira kabaza kapena njinga yamoto kuti akafike paboma, mlandu n'kuimitsidwa, abwerenso mwezi wamawa. Komabe zitseko zosafuna ndalama zilipo. Bungwe la Legal Aid Bureau limapereka maloya kwa osauka. Ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, ndipo Malawi Human Rights Commission imafufuza kuphwanyidwa kwa ufulu. Gawo 43 limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokukhudzani, monga kukuchotsani pa mndandanda wa Mtukula Pakhomo kapena kukulandani malo a pamsika, muli ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zake molemba. Pemphani pepalalo, chifukwa kulikonse kumene mungakadandaule adzayamba kufunsa limenelo.

Chida china chimene Congress ya 1944 sinachilote n'komwe ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya dera, VDC kapena ADC, ngakhalenso munthu mmodzi payekha, angathe kufunsa khonsolo kuti ndalama za thumba la chitukuko la CDF zinabwera zingati chaka chino, mjigo kapena chipinda cha sukulu chinapatsidwa kontilakita uti, ndipo analipidwa zingati. Wosadziwa kulemba amaloledwa kufunsa pakamwa, wa muofesi n'kumulembera. Sungani kope la pempholo lokhala ndi chidindo ndi deti. Ofesiyo ili ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndipo ikakana kapena ikangokhala chete, dandaulo lipite ku Malawi Human Rights Commission, imene inapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.